Mzere umodzi pa kachipangizo: fuluwenza ndi chibayo mwa mayi wa pakati pa milungu 31

Mayi amene ndikukamba pano ndinawaona koyamba madzulo ena kumalo a odwala oyendera, pa tsiku lachiwiri la kudwala kwawo, ndipo ndinawabweza kunyumba ndi paracetamol. Patatha masiku anayi anabweranso usiku, amuna awo atawagwiririra, akulephera kumaliza mawu chifukwa cha befu. Anachira, mwana nayenso anabadwa wamoyo, koma anagona m'chipatala masiku 11, atatu mwa masikuwo m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Ndalemba lipotili chifukwa pamene zinthu zinakhotera ndi pamene ambiri a ife timadutsa tsiku ndi tsiku osaima, ndipo woyamba kulakwitsa ndinali ineyo.

Asanadwale

Anali ndi zaka 29, mimba yachitatu, ya milungu 31 malinga ndi sikani ya kumayambiriro. Ana awiri oyamba anabereka popanda vuto. Analibe mphumu, shuga kapena matenda a mtima, sasuta fodya, ndipo HIV anayezetsa kawiri pa mimbayi osawapeza nayo. Magazi anali ochepa pang'ono, Hb (mlingo wa magazi) 10.2. Kusikelo anapita kanayi osaphonya. Khadi lawo linali lolembedwa bwino kwambiri: BP, kulemera kwa thupi, kukula kwa mimba, mapiritsi owonjezera magazi, katemera wa kafumbata ndi tsiku lake. Za katemera wa fuluwenza panalibe, ngakhale kuti katemerayo analipo m'firiji ya chipatala chathu nyengo imeneyo.

Masiku atatu asanayambe kudwala, mwana wawo wa zaka 5 anatentha thupi ndi kutsokomola, ndipo anzake angapo kusukulu analinso chigonere. Izi anandiuza okha ndisanafunse. Ndinazilemba, koma sindinazilingalire mokwanira.

Tsiku lachiwiri

Anati zinayamba mwadzidzidzi dzulo lake masana. "Ndimapinda zovala, adokotala, kenako ndinangomva kuzizidwa mpaka mano kugundana." Thupi lonse linali kuphwanya, mutu ukuwawa, pakhosi pokanda, chifuwa chouma. Kutentha kwa thupi kunali 38.9, mtima ukugunda ka 112 pa mphindi, kupuma ka 22, okosijeni m'magazi 96%, BP 112/68. Mapapo anamveka oyera mbali zonse. Mtima wa mwana unali pa 158 ndipo anati akusewera bwino. Mkodzo unalibe kanthu, malungo ndi COVID-19 sitinapeze. Kachipangizo koyezera fuluwenza mwachangu, kaja kotulutsa zotsatira pa mphindi 15, kanaonetsa mzere umodzi, kutanthauza kuti sikanapeze fuluwenza.

Ndinalemba kuti chimfine. Mawu amenewa amatipusitsa ife eni, chifukwa timatchula nawo zinthu ziwiri zosiyana kwambiri: kuyetsemula ndi mamina kumene kumatha kokha, ndi fuluwenza yeniyeni imene bungwe la WHO limati imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 chaka chilichonse kudzera m'matenda a mapapo. Ukangonena kuti chimfine, wodwala amamasuka, nawenso dokotala mtima umakhala pansi. Ndinawauza kuti amwe paracetamol, amwe madzi ambiri, apume, ndipo "mukaona kusintha mubwere". Anandithokoza napita.

Mzere umodzi uja ndinaupatsa mphamvu imene ulibe. Mu 2012 akatswiri anasonkhanitsa kafukufuku 159 wa tizipangizo timeneti napeza kuti timazindikira anthu pafupifupi 62 mwa 100 alionse amene alidi ndi fuluwenza, ndipo mwa akuluakulu ndi pafupifupi 54 okha. Tikaonetsa mizere iwiri sitinama kawirikawiri, chifukwa mwa anthu 100 opanda fuluwenza timalondola pa 98. Choncho mizere iwiri ndi yankho, koma mzere umodzi mwa munthu wamkulu, m'nyengo imene fuluwenza ikufala, amene wadwala mwadzidzidzi ndipo mwana wake ali chigonere kunyumba, si yankho ayi. Pafupifupi theka la odwala enieni amadutsa ndi mzere umodzi womwewo. Nambalazi ndinkazidziwa. Ndinaziphunzitsapo ngakhale ana a sukulu ya udokotala. Koma madzulo amenewo panja panali mzere wautali, ndipo kachipangizo kanandipatsa chifukwa chomalizira msanga.

Chimene ndinayenera kuchita ndi kuwayambitsa oseltamivir, mankhwala olimbana ndi kachilombo ka fuluwenza, pomwepo, mamiligalamu 75 kawiri pa tsiku kwa masiku 5, n'kutumiza zam'mphuno ku PCR, kuyeza kwa ku labotale kolondola kuposa kachipangizo kaja, popanda kudikira zotsatira. Mankhwalawa amatseka neuraminidase, puloteni imene kachilombo kamadulira nayo kuti kachoke pa selo limene kaswanirana n'kupita ku maselo ena. N'chifukwa chake amathandiza kwambiri m'maola 48 oyamba, kachilombo kasanadzaze njira zonse za mpweya. Mayiwa anali pa maola pafupifupi 30. Pa mliri wa fuluwenza ya mtundu wa H1N1 wa 2009, ku United States anatsata amayi oyembekezera 788 amene anadwala m'miyezi yoyamba. Mwa amene anayamba mankhwala m'masiku awiri oyamba, pafupifupi 9 pa 100 analowa m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Mwa amene anayamba patadutsa masiku anayi, anali pafupifupi 57 pa 100. Amayi oyembekezera, amene ndi pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 m'dzikolo, anali 5 pa 100 alionse amene anamwalira. Kuchokera pamenepo malangizo a CDC, bungwe la boma la United States loona za matenda, ndi mabungwe a madokotala a amayi amanena chimodzimodzi: mayi woyembekezera amene mukumukayikira fuluwenza, kaya mimba ndi ya miyezi ingati, mpatseni mankhwala musanaone zotsatira.

Ndikadzifunsa moona mtima, kachipangizo sikanali chifukwa chokha. Ndinalinso ndi mantha aja amene ambiri tili nawo, oopa kupereka mankhwala kwa mayi wa pakati, ngati kuti kusapereka kanthu n'kumene kulibe ngozi. Ndiponso mayiwa ankaoneka bwino, akuyankhula, akuseka. Kupuma ka 22 ndinakuika pa mimba, pamene mimba imakuza mpweya umene mayi amakoka pa kupuma kulikonse koma siwonjezera kwenikweni nambala ya kupuma. Ndipo mawu anga otsanzikira anali opanda mutu. "Kusintha" n'chiyani kwa munthu amene thupi lake lonse likusintha mlungu uliwonse? Ndinayenera kuwauza zinthu zogwirika: mukayamba kupuma mofulumira muli chikhalire, mukamva chobaya m'nthiti, thupi likazizira kenako n'kutenthanso, mwana akachepetsa kusewera, bwerani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi

Pa tsiku lachinayi thupi linazizira. Anadzuka, anasesa m'nyumba, anauza amuna awo kuti apite kuntchito. Usiku wa tsiku lachisanu kutentha kunabwerera ndi kunjenjemera, ndipo m'mawa mwake anayamba kumva chobaya kumanja akamakoka mpweya. Anapirira tsiku lonse chifukwa, mwa mawu awo, "munati ndi chimfine, ndiye ndimaopa kukuvutitsani".

Atafika anawapititsa kuwodi ya amayi oyembekezera chifukwa mimba inali kulimba mobwerezabwereza. Anakhala kumeneko maola awiri, pabedi la pakati pa amayi ena, aliyense maso ali pa mimba. Amene anaona kuti vuto silili m'mimba anali mzamba wachikulire amene analowa ntchito usiku. Anawafunsa dzina la mwana wawo woyamba, ndipo mayiwa anapuma kawiri asanamalize kulitchula. Mzambayo anaika kachipangizo koyezera okosijeni pachala, anaona 87%, anaimba foni.

Ndinawapeza atakhala tsonga, manja atagwira m'mphepete mwa bedi, mphuno zikutukuka, ali wefuwefu. Kutentha 39.4, kupuma ka 34, mtima ka 128, BP 98/58. Kumunsi kwa phapo lakumanja kunali kolimba pogogoda, mpweya ukumveka ngati ukudutsa m'paipi, ndipo mbali zonse ziwiri kunali timaphokoso tothetheka. M'kabakuli kamene anagwira munali makhololo ofiirira ngati dzimbiri. Mtima wa mwana unali pa 172. Khomo la chiberekero linali lotseka.

Kudwala, kupeza bwino, kenako kugwanso moposa poyamba ndi njira yodziwika ya chibayo cha mabakiteriya chobwera pamwamba pa fuluwenza. Kachilombo kamasupula khungu la mkati mwa njira za mpweya pamodzi ndi timatsitsi take timene timasesa zonyansa kukwera nazo kukhosi, ndipo maselo odya tizilombo a m'mapapo amachepa mphamvu kwa masiku angapo. Mabakiteriya amene amakhala phee m'mphuno, makamaka Streptococcus pneumoniae ndi Staphylococcus aureus, amapeza khomo lotsegula n'kutsika. Mu 2008 akatswiri atatu, Morens, Taubenberger ndi Fauci, anaunikanso zidutswa za mapapo ndi malipoti a mitembo ya mliri wa fuluwenza wa 1918, ndipo anapeza kuti ambiri anaphedwa ndi chibayo cha mabakiteriya chotere. Za amayi oyembekezera zinalembedwa kale mu 1919: mwa amayi 1,350 amene anadwala pa mliriwo, pafupifupi theka anagwidwa chibayo ndipo 27 pa 100 anamwalira.

Tinayamba ndi okosijeni wa pa masiki, tikufuna 95% kapena kuposa, osati 90 kapena 92 imene timakhutira nayo mwa odwala ena, chifukwa mwana amadalira kusiyana kwa okosijeni pakati pa magazi a mayi ndi ake. Tinawakhazika motsamira, mimba itapendekera kumanzere. Tinatenga magazi okameretsa tizilombo ndi zam'mphuno za PCR, kenako ceftriaxone magalamu 2 m'mtsempha ola lisanathe, ndi azithromycin, onse awiri mankhwala opha mabakiteriya. Madzi a dripi tinapereka pang'onopang'ono tikumvetsera mapapo, popeza mapapo a mayi wa pakati sachedwa kudzaza madzi. Enoxaparin tinayamba m'mawa mwake kuti magazi asaundane. Tinawasamutsira kuchipinda chaokha.

Amuna awo anakana ekisire poyamba. "Adokotala, si mumati zimenezi zimapweteka mwana?" Ndinakhala nawo pansi pa benchi n'kuwafotokozera kuti mphamvu imene imafika kwa mwana pa ekisire imodzi ya pachifuwa ndi yochepetsetsa, kutali kwambiri ndi mlingo umene ungamuvulaze, ndipo chimene chikumuopseza mwana usiku uno ndi kuchepa kwa okosijeni mwa amayi ake. Anavomera. Chithunzi chinaonetsa kuyera kodzaza chigawo cha m'munsi cha phapo lakumanja ndi timawanga mbali zonse.

Pa oseltamivir tinasiyana maganizo. Mnzanga wina anati maola 48 anadutsa kalekale, kachipangizo kanakana, ndiye tikuwonjezeranji mankhwala oyambitsa nseru kwa munthu amene akuvutika kale. Ndinamumvetsa, chifukwa ndi maganizo omwewo amene ndinali nawo masiku anayi m'mbuyomo. Koma malire a maola 48 anachokera ku kafukufuku wa anthu odwala pang'ono amene ankachirira kunyumba. Mwa odwala kwambiri kachilombo kamapitiriza kuswana nthawi yaitali. Mu 2014 kunatuluka kafukufuku wosonkhanitsa odwala oposa 29,000 amene anagonekedwa pa mliri wa 2009, ndipo anaonetsa kuti amene analandira mankhwala a mtundu umenewu ankamwalira mochepa kuyerekeza ndi amene sanalandire, makamaka akayamba msanga, ndipo mwa amayi oyembekezera kusiyanako kunali pafupifupi theka. Kafukufukuyu anali wongotsata zimene zinachitika, osati woyesa mwa maere (umene maere amasankha amene alandire mankhwala ndi amene asalandire), ndipo zimenezo ndinavomera. Koma poika pa sikelo nseru mbali ina ndi mapapo aja mbali ina, tinapereka usiku womwewo. Madzulo a tsiku lotsatira PCR inabwera: fuluwenza A, mtundu wa H1N1 wa 2009, umene tsopano umazungulira chaka ndi chaka. Magazi anamera Streptococcus pneumoniae womvera ceftriaxone.

Usiku wa tsiku lachisanu ndi chiwiri

Apa ndi pamene ndikufuna anzanga achinyamata aimepo nthawi. Cha m'ma 2 koloko usiku dokotala wophunzira ntchito anandiimbira mawu ali omasuka. Anati mayi aja akhazikika, kupuma kwatsika kufika pa 26, akuwodzera, ndipo mpweya woipa m'magazi a m'mtsempha wa padzanja uli pa 41 mmHg, "ndiye uli bwinobwino".

Mwa ine ndi inu 41 ndi wabwinodi. Mwa mayi wa pakati ayi. Homoni ya mimba yotchedwa progesterone imachititsa kuti azipuma mozama, choncho mpweya woipa umakhala pakati pa 28 ndi 32. Mayi wa pakati amene ali ndi chibayo, amene maola angapo m'mbuyomo amapuma ka 34, anayenera kukhala pansi pa 30. Kufika pa 41 kumatanthauza kuti minofu yopumira yatopa. Kutsika kwa kupuma ndi kuwodzera kuja sikunali kupeza bwino. Kumbukiraninso kuti pa miyezi imeneyi chiberekero chimakankhira m'mwamba mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba pafupifupi masentimita 4, mpweya wotsala m'mapapo munthu akapumira kunja umachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, pamene thupi likudya okosijeni wochuluka kuposa kale. Nkhokwe ndi yaing'ono, odya ndi awiri. Akayamba kutsika satsika pang'onopang'ono.

Tinawasamutsira kwa odwala mwakayakaya nthawi yomweyo n'kuwaika pa makina opereka okosijeni wambiri wofunda kudzera m'mphuno. Dokotala wogonetsa odwala anakonza zolowetsera chubu kukhosi n'kuziika pambali pa bedi, ndipo tinagwirizana pa pepala kuti mpweya woipa ukadutsa 45, kapena okosijeni akakana kukwera pa ola limodzi, tilowetsa chubu osakambirananso. Wophunzira uja sindinamukalipire. Anachita bwino kuimba. Ndinamuuza kuti alembe nambala za mayi wa pakati kuseri kwa kabuku kake, ndipo anakhala pambali pa bedi mpaka kucha.

M'mawa funso lalikulu linali la mwana. Mimba inali kulimbabe pa mphindi 10 zilizonse. Dokotala wa amayi mmodzi anaganiza zotulutsa mwana pa opareshoni kuti mapapo a mayi apeze malo. Maganizowa ali ndi nzeru zake, koma tinawakana. Phindu limene mayi amapeza pa kupuma mwana akatuluka silikhala lalikulu nthawi zonse, pamene opareshoni mwa munthu amene mabakiteriya ali m'magazi, ndi magazi ambiri amene amabwerera kumtima chiberekero chikangofota, zikanatha kuwagwetseratu. Mwana wa milungu 31 akanayamba moyo ali pa makina. Ndiponso mtima wa mwana unali utatsika kufika pa 150 kutentha kutachepa ndi okosijeni atakwera, zomwe zinatiuza kuti ankavutika chifukwa cha matenda a amayi ake, osati vuto lakelake. Tinagwirizana kuti titulutsa mwana pokhapokha mayi akaikidwa pa makina opumira n'kukanabe kukwera, kapena mtima wa mwana ukaipa mayi ali wokhazikika.

Panabweranso funso la dexamethasone wokhwimitsa mapapo a mwana. Malangizo a WHO amati aperekedwe ngati zikuoneka kuti mwana abadwa m'masiku 7 ndiponso ngati mayi alibe zizindikiro za matenda a tizilombo. Apa khomo linali lotseka ndipo matenda a tizilombo anali poyera. Kuwonjezera apo, kafukufuku wotsata odwala fuluwenza yaikulu wakhala akuonetsa kuti amene analandira mankhwala a mtundu umenewu ankamwalira mochuluka, mosiyana ndi zimene zinapezeka pa COVID-19, ndipo chizolowezi chimene tinatenga pa mliri umenewo chopereka dexamethasone kwa aliyense wobanika sichiyenera kusamukira ku fuluwenza. Sitinapereke, koma tinati khomo likayamba kutseguka tikhalanso pansi. Mankhwala oletsa mimba kulimba tinawapewanso: nifedipine akanatsitsa BP imene inali yotsika kale, salbutamol akanathamangitsa mtima ndi kudzaza madzi m'mapapo. Tinalimbana ndi kutentha ndi okosijeni, ndipo pofika tsiku lachisanu ndi chinayi mimba inaleka yokha kulimba.

Chubu sitinalowetse. Mpweya woipa unabwerera pa 33 tsiku lachisanu ndi chitatu. Anatuluka kwa odwala mwakayakaya pa tsiku la 10, okosijeni tinachotsa pa tsiku la 13, ndipo anapita kwawo pa tsiku la 17.

Maola awiri aja kuwodi

Amayi anayi anagona moyandikana nawo usiku umene anafika. Tinawaimbira onse tsiku lililonse kwa mlungu wathunthu. Mmodzi anatentha thupi pa tsiku lachitatu, anabwera m'mawa womwewo, tinamuyambitsa oseltamivir tisanayeze chilichonse, PCR inatsimikiza, ndipo anachirira kunyumba. Namwino mmodzi anadwalanso n'kukhala masiku asanu osagwira ntchito. Titafunsana tokhatokha, ambiri a ife ogwira ntchito kuwodiyo tinali tisanabayitse katemera wa chaka chimenecho, ine ndemwe.

Funso limene anandifunsa

Tsiku lotuluka ndinawauza kuti abwere pakatha mlungu umodzi adzabayitse katemera wa fuluwenza. Anadabwa. "Nanga si ndadwala kale?" Ndinawafotokozera kuti adwala mtundu umodzi, H1N1, pamene katemera amateteza ku mitundu itatu, kuphatikizapo H3N2 ndi fuluwenza B, ndipo nyengo inali isanathe. Anakhala chete pang'ono, akuyang'ana khadi lawo la kusikelo limene linali pamiyendo. Kenako anati: "Ndiye katemerayu analipo nthawi yonseyi? Bwanji sanandiuze, adokotala? Ine chilichonse chimene amanena kusikelo ndimachita."

Ndinalibe chowayankha choposa kuvomera kuti tinalakwa. Timakonda kunena kuti anthu amakana katemera, ndipo ena amakanadi. Mayi awa sanakane. Sanafunsidwe. Nditapita kukacheza ndi azamba a kusikelo anandiuza zinthu zitatu mosabisa: pa khadi palibe mzere wake, ndiye chimene palibe pa khadi sichikumbukika; katemerayo ankasungidwa kuchipinda china ndipo mayi ankayenera kukaimanso pamzere; ndipo ena mwa iwo sankakhulupirira kuti n'ngwabwino kwa mayi wa pakati, poganiza kuti angamupatse fuluwenza. Katemera wobaya alibe kachilombo kamoyo ndipo sangayambitse matendawa. Wopopera m'mphuno ndi amene ali ndi kachilombo kofooketsedwa, ndipo ameneyo sapatsidwa kwa oyembekezera.

Umboni wa katemerayu mwa amayi oyembekezera ndi wa mtundu wolimba, woyesa mwa maere, ndipo wambiri unachokera m'maiko osauka. Ku Bangladesh, mu kafukufuku wa amayi 340 amene anatuluka mu 2008, makanda a amayi obayidwa anadwala fuluwenza yotsimikizika mochepera ndi 63 pa 100 m'miyezi 6 yoyamba. Ku Soweto, South Africa, gulu la katswiri Shabir Madhi linachita kafukufuku pa amayi oposa 2,000 opanda HIV mu 2011 ndi 2012, ndi gulu lina laling'ono la amayi amene ali ndi HIV. Fuluwenza inachepa ndi pafupifupi theka mwa amayi opanda HIV ndi makanda awo, ndipo mwa amayi a HIV inachepa ndi pafupifupi 58 pa 100. Ku Mali ndi ku Nepal anapezanso kuti makanda amatetezeka. Kafukufuku wina wa ku Australia, Canada, Israel ndi United States, wa zaka za 2010 mpaka 2016, anapeza kuti katemera anachepetsa kugonekedwa kwa amayi oyembekezera chifukwa cha fuluwenza ndi 40 pa 100. Mu 2012 WHO inaika amayi oyembekezera patsogolo pa magulu onse oyenera kulandira katemerayu.

Theka si zonse, ndipo sindinawalonjeze mayiwa kuti akanabayidwa sakanadwala. Kachilomboka kamasintha maonekedwe pang'onopang'ono, moti WHO imakhala pansi kawiri pa chaka, mu February kukonzera maiko a kumpoto ndi mu September kukonzera a kumwera, kusankha mitundu yoika m'katemera potengera zimene ma labotale a dziko lonse aona, ma labotale amene anayamba kugwirira ntchito pamodzi mu 1952. Zaka zina kusankhako kumagwirizana bwino ndi kachilombo kamene kafala, zaka zina ayi. Koma kwa khanda palibe njira ina. Palibe katemera wa fuluwenza wololedwa kwa mwana wosakwana miyezi 6, ndipo misinkhu imeneyo ndi imene ana amagonekedwa kwambiri. Chitetezo chachikulu chimene angakhale nacho ndi IgG wa amayi ake, puloteni ya m'magazi yolimbana ndi tizilombo, wodutsa pa nsengwa, makamaka m'miyezi itatu yomaliza. Jakisoni mmodzi amene sitinapereke pa ulendo uliwonse mwa maulendo anayi aja anali wa anthu awiri.

Kuyambira pamenepo tinadinda mzere wa katemerayu pa khadi, pansi penipeni pa wa kafumbata, ndipo bokosi lozizira limabwera kusikelo m'mawa uliwonse nyengo ikayamba, kuti amene wayeza mimba ndi amene abaye. Pakhomo la wodi ya amayi, aliyense wobwera ndi kutentha thupi ndi chifuwa amavala masiki ndi kuyezedwa okosijeni asanapatsidwe bedi. Kumalo a odwala oyendera tinasiya kugwiritsa ntchito kachipangizo kaja posankha kupereka kapena kusapereka oseltamivir kwa mayi wa pakati.

Mmene zinathera

Anabwera pa milungu 34 n'kubayitsa. Anali ataonda, akutopa akakwera masitepe ochepa, Hb itatsika kufika pa 9.1, choncho tinawonjezera mankhwala a magazi. Sikani inaonetsa kuti mwana akukula pang'onopang'ono kusiyana ndi kale koma magazi a mumchombo akuyenda bwino, ndiye tinkawaona mlungu uliwonse. Zowawa za kubereka zinayamba zokha pa milungu 36 ndi masiku atatu, patangodutsa milungu iwiri chibayitsireni, nthawi imene thupi limafuna kuti lipange chitetezo. Anabereka mtsikana wa makilogalamu 2.3 popanda opareshoni. Khandalo linakhala masiku atatu kuchipinda cha makanda chifukwa cha shuga wotsika ndi kuyamwa mofooka, kenako linapita kwa amayi ake.

Pa milungu 6 atabereka tinajambulanso ekisire ndipo phapo lakumanja linali litayera. Anati befu latha koma mphamvu sizinabwerere zonse. Mwana anali pa makilogalamu 3.6, akuyamwa bere lokha. Amuna awo ndi ana awiri aja anali atabayitsa. Asananyamuke anatulutsa kabuku ka mwana m'chikwama n'kundipempha kuti ndilembe ndekha tsiku limene adzakwane miyezi 6, ndipo ndinalemba masiku awiri, lachiwiri patatha milungu inayi, popeza mwana wolandira katemerayu koyamba amabayidwa kawiri.